Buku ndi Cikwanje: Kodi Anyamata Aonere Kanema wa Eli?

Liripo funso limene makolo a m'boma la Lundazi, ndi akulu a mipingo, ndi aphunzitsi a sukulu sangathe kulilambalala, ngakhale makolo ao sanakomane nalo. Funsolo ndi ili: kodi nkoyenera kuti anyamata ndi asungwana aonere kanema wodzala ndi mwazi ndi kuphana, pokhala kuti m'kati mwace mumveka dzina la Mulungu ndi mau a m'Malembo? Kale munthu wofuna kuona kanema analindira galimoto ya Boma yoyenda m'midzi ndi cinsalu coyera, kapena anakamuona ku migodi atapita ku nchito. Masiku ano kanema alowa m'mudzi ali m'thumba la mwana wa sukulu, pa foni yocajidwa ndi sola. Ndipo pa misika pali tinyumba ta vidiyo m'mene mwana alowa ndi kandalama kocepa, popanda womfunsa zaka zace.

Kuti nkhani isayende m'malere, ndi bwino kuchula kanema mmodzi ndi kumuyesa. Dzina lace ndi The Book of Eli, ndiko kunena Buku la Eli. Anaturuka ku America m'caka ca 2010. Anamkonza ndi abale awiri, Albert ndi Allen Hughes, ndipo wosewera ngati Eli ndiye Denzel Washington. Nthano yace iri motere. Nkhondo yaikulu yapasula dziko lapansi zaka 30 zapitazo. Midzi iri mabwinja, mitengo inauma, madzi asanduka cuma coposa ndalama, ndipo anthu ena afika podya anzao. Otsala pa nkhondoyo anatentha Mabaibulo onse, poganiza kuti ndiwo anautsa nkhondo. Munthu mmodzi, Eli, anamva mau omtsogolera kumene kunali buku lotsala, namuuza kuti alinyamule kunka kumadzulo. Ayenda yekha pansi, buku m'thumba, cikwanje cakuthwa pambali, ndipo ali yense womtsekera njira afa. Pa mudzi wina apeza Carnegie, munthu wodziwa kuwerenga pakati pa osadziwa, amene alamulira anthu cifukwa adziwa kumene kuli kasupe wa madzi. Carnegie alifuna bukulo ndi mtima wonse, pakuti adziwa kuti anthu ofooka ndi otaya mtima adzacita ciri conse cimene awauza ngati mau ace acokera m'menemo. Potsiriza alilanda, koma politsegula apeza kuti lalembedwa m'zilembo za akhungu, zochedwa Braille, zimene iye sangathe kuwerenga. Eli, amene tsopano adziwika kuti saona, afika pa cisumbu ca Alcatraz ali ndi bala la mfuti m'mimba, nanena Baibulo lonse pamtima, wina nalemba, ndipo atatsiriza amwalira.

(Amene anafikako ku sukulu ya akhungu ya ku Magwero, pafupi ndi Chipata, imene amishoni a Dutch Reformed anaiyamba m'caka ca 1905, adzamwetulira pamenepa, pakuti Baibulo lonse la Braille sililowa m'thumba limodzi. Ndi mabuku ambiri aakulu, katundu wosenza anthu angapo. Koma nthano iri ndi ufulu wace, ndipo mlandu wa kanemayu suli pamenepo.)

Poweruza kanemayu anthu agawikana pawiri. Ena ati ndi wabwino kopambana, pakuti aonetsa munthu wopemphera asanadye, wowerenga Malembo tsiku ndi tsiku, wosunga Mau a Mulungu kufikira imfa. Ndipo m'dziko limene President Frederick Chiluba analengeza m'December 1991 kuti ndi dziko lacikristu, dzina lokhalo la Baibulo likwanira kugonetsa mitima ya makolo ambiri. Ena ati ndi woipa, pakuti muli kudula manja ndi mitu, kutukwana, ndi kugwirira akazi. Opima makanema ku America anampatsa cizindikiro ca R, cimene citanthauza kuti wosafika zaka 17 asalowe popanda kholo kapena wamkulu. A ku Britain anaika malire pa zaka 15. Magulu awiriwa onse anena zoona, koma onse ayesa cinthu cimodzi pacokha, wina Buku, wina mwazi. Cobvuta ca kanemayu ndi cakuti ziwirizi ziri m'manja mwa munthu mmodzi.

Mwazi pawokha suli cifukwa cokwanira cakuletsa. Baibulo lomwe liri ndi nkhani zoopsa: mbale apha mbale wace m'munda, mkazi akhomera cikhomo m'mutu wa kazembe wogona, mfumu ipha makanda a m'Betelehemu, ndipo pakati peni peni pa cikhulupiriro pali mtanda ndi misomali. Mwana wa kumudzi sali wosadziwa imfa; waona mbuzi irikuphedwa, wagona pa maliro, wakumba nao manda. Ndiponso dziko lino likumbukira za kuletsa kwacabe. M'masiku a atsamunda munali bungwe lopima makanema oonetsedwa kwa anthu akuda mu Northern Rhodesia, limene linadula-dula zithunzi poyesa amuna a ndebvu ngati tiana. Cotsala cace cinali nthano zoduka mutu ndi mcira, m'mene munthu aona nkhonya ndi mfuti koma osamva cifukwa cace. Mai wina wa ku America wophunzira za makhalidwe a anthu, Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya m'zaka za 1953 ndi 1954, anapeza kuti makanema okondedwa koposa pa mgodi anali omwewo a anyamata a pa akavalo owomberana. Lumo la wopima silinaphunzitse munthu kusiyanitsa cabwino ndi coipa.

Koma pali kusiyana pa kakambidwe ka mwazi. Malembo asimba za kupha monga munthu asimba za maliro, mwacidule, ndipo sabisa zotsatira zace. Davide, ngwazi ya Israyeli, sanaloledwe kumanga kacisi cifukwa anakhetsa mwazi wambiri. Petro atasolola lupanga m'munda wa Getsemane kuti achinjirize Mbuye wace, nadula khutu la kapolo wa mkulu wa ansembe, anadzudzulidwa pomwepo, ndi khutulo linaciritsidwa. Yakobo ndi Yohane atafuna kuitana moto pa mudzi wa Asamariya umene unawakana, anadzudzulidwanso. Kanema wa Eli sacita cotero. Pamene Eli asolola cikwanje, zithunzi zikongola ngati gule. Anthu asanu, khumi, agwa m'kamphindi, iye osapumira m'mwamba. M'nyumba ya mowa achula mau a m'buku la Genesis, ndipo atangotsiriza ayamba kutema. Adani ace amuombera pafupi, zipolopolo nizimphonya, kufikira iwo omwe ayamba kunong'onezana kuti munthuyu ali ndi comchinjiriza. Womphedwa ali yense ndi wauve, wa mano obvunda, wopanda mai womlira. Mnyamata wa zaka 13 saturuka m'kanyumba ka vidiyo alikuganiza za pemphero la pa cakudya. Aturuka alikuyeseza ndi phesi la cimanga m'mene Eli anatembenuzira mkono. Diso liphunzira msanga kuposa khutu.

Tsono phunziro limene diso latola ndi ili: kuti munthu amene wamva mau a kumwamba, nanyamula cinthu copatulika pa nthawi ya cimariziro, aloledwa kupha, ndipo cipolopolo sicimlowa. Kwa anthu a ku Los Angeles imeneyi ndi nthano yocezera madzulo. Ku Lundazi si nthano, pakuti zinacitika pa Boma pomwe, m'caka ca 1964, ndipo amene anaziona ena akali moyo.

Ciyambi cace cinali cokoma. Alice Lenshina Mulenga, mai wa m'mudzi wa Kasomo m'boma la Chinsali, anadwala kwambiri m'September 1953, ndipo atatsitsimuka ananena kuti anakomana ndi Yesu, amene anambweza ndi uthenga. Anapita nao ku mishoni ya Lubwa, nabatizidwa. Uthenga wace unali wakuti anthu ataye nyanga ndi zithumwa, aleke ufiti, mitala ndi mowa. Ndipo nyimbo zace za m'Cibemba zinalowa anthu m'mitima koposa nyimbo zomasuliridwa za amishoni. Posacedwa anapatukana ndi a ku Lubwa, ndipo mpingo wace unachedwa Lumpa. Anthu zikwi zikwi anayenda pansi kunka ku Kasomo, ambiri a iwo ocokera ku Lundazi, kutsika cigwa ca Luangwa ndi kukwera mapiri a Muchinga. Mu 1958 anatsegula kacisi wamkulu wa njerwa pa malo amene anawacha Sione. Palibe amene akadati pa masiku amenewo kuti mathero ace adzakhala malinga ndi mikondo.

Koma pofika 1963 mpingowo unasemphana ndi cipani ca UNIP. A Lumpa anakana makadi a cipani. A cipani, makamaka anyamata ace, anawayesa adani a ufulu, nawamenya, natentha nyumba zao zopempherera. A Lumpa nabwezera. Anacoka m'midzi ya mafumu, namanga midzi yao yozingidwa ndi malinga, naleka kuyembekeza kanthu kwa dziko lino, poyesa kuti cimariziro cafika ndi kuti onse a kunja kwa linga ndi adani a Mulungu. M'July 1964 boma la Kenneth Kaunda, amene anali nduna yaikulu, linalamula kuti midziyo ipasulidwe. Nkhondo inabuka ku Chinsali, ndipo pa 30 July asilikali analowa mu Sione, napha anthu ambiri. Mbiri itafika kum'mawa, usiku wakuca pa 3 August, a Lumpa a m'mudzi wa Chipoma anagwera Boma la Lundazi ndi mikondo, nkhwangwa ndi mauta, nalanda polisi, napitirira kutentha midzi yozungulira. Anafa anthu pafupifupi 150, amuna, akazi ndi ana, ambiri a iwo odzidzimutsidwa m'tulo. Mfuu yao ya nkhondo inali dzina la Yeriko, mudzi uja wa m'Cipangano Cakale umene malinga ace anagwa. Ndipo kunamveka ponse kuti ena anathamangira mfuti za asilikali pokhulupirira kuti zipolopolo zidzasanduka madzi. Sizinasanduke. Tsiku lomwelo Boma linaletsa mpingo wa Lumpa, ndipo m'mawa mwace asilikali anaphwanya Chipoma.

Wowerenga asafulumire kunena kuti oipa adziwika. Pa 7 August, ku dziko la Asenga, limene masiku amenewo linali m'boma la Lundazi, anthu a m'midzi yoyandikana anagwera mudzi wa a Lumpa wochedwa Paishuko, napha anthu 46, ambiri akazi ndi ana, mwa nkhanza zosayenera kulembedwa pa tsamba lino. Amene anacita izi sanadziyese ambanda. Anadziyesa ochinjiriza dziko limene linali pafupi kubadwa, ocotsa coipa pakati pa anthu. Lenshina anadzipereka kwa Boma pa 11 August. Ufulu unadza pa 24 October. Boma linawerenga akufa oposa 700 m'nkhondo yonseyo, ndipo zikwi zambiri za a Lumpa zinathawira ku Congo. Lenshina anakhala m'manja mwa Boma zaka zambiri, namwalira ku Lusaka pa 7 December 1978.

Cimene mbiriyi iphunzitsa, cimene kanema abisa, ndi cakuti panalibe mmodzi mwa onsewa wodziyesa Carnegie. Wa mkondo wa ku Chipoma anadziyesa wosunga copatulika pakati pa dziko lobvunda. Wa nkhwangwa wa ku Paishuko anadziyesa cimodzimodzi. M'kanema woonera sabvutika kuzindikira wolungama, pakuti okonza kanema amuonetsa kale: nkhope yace njofatsa, adani ace ngonyansa, ndipo pa mathero zitsimikizika kuti mau amene anamva anali oona. M'moyo mulibe wokonza wotere. Mau amene munthu amva m'mtima akhoza kukhala a Mulungu, akhoza kukhala a mantha, a njala, a cidani ca pa malire a munda. Ndipo wogwa ndi cikwanje ali ndi amace, ali ndi dzina, anali mnzace wa pa dambwe kapena wa m'kalasi. Mnyamata amene aona Eli yekha, osamva za Chipoma ndi Paishuko, walandira theka la coonadi, ndipo ndi theka lokoma.

Kungakhale kusalungama kunena kuti kanemayu alibe nzeru. Ziripo, ndipo nzakuya. Carnegie ndi cithunzi coona ca munthu wogwiritsa nchito Malembo ngati goli la pa khosi la anzace. Poyamba kuoneka alikuwerenga buku la mbiri ya Mussolini, ndipo mnyamata wocenjera adzamzindikira mwa alaliki ena ogulitsa madalitso ndi andale ena ochula Mulungu pa nthawi ya masankho pokha. Ndiponso Eli mwini abvomera kulakwa. Pa ciyambi abisala pa citunda naona acifwamba alikupha mwamuna ndi kugwirira mkazi wace pa mseu, nadziuza kuti si zace, asapatuke pa njira. Acita monga wansembe ndi Mlevi a m'fanizo la Msamariya. Pambuyo pace apereka bukulo kuti apulumutse moyo wa msungwana Solara, nabvomera kuti pocinjiriza buku zaka zonsezo anaiwala kucita zimene linamphunzitsa. Ndipo cinthu comariza ncozama ndithu: wolanda buku ndi mfuti atsala ndi mapepala osalankhula, pamene wolisunga m'mtima alipereka kwa onse.

Koma nzeru zimenezi zinenedwa ndi mau ocepa, m'Cingelezi cofulumira, pa nthawi imene m'kanyumba ka vidiyo anyamata alikulongolola kudikira nkhondo yina. Ndipo pali cithunzi cimodzi cimene cifafaniza zambiri. Eli ataikidwa m'manda, Baibulo litasindikizidwa ndi kuikidwa pa thandala pakati pa mabuku opatulika a Ayuda ndi Asilamu, Solara anyamuka kubwerera kwao. Cimene amanga pa msana pace ndico cikwanje ca Eli. Msungwana amene anaphunzira kupemphera kwa mkuluyo alowa colowa ca mpeni, ndipo kanema atha pomwepo, nyimbo zirikulira mokweza ngati kumtamanda.

Nanga kholo licitenji? Ena adzati, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imfotere yekha. Aone, adzatopa nazo. Mwambiwo ngwabwino pa zinthu zofota. Cithunzi ca mkazi wogwiriridwa sicifota m'mutu wa mwana wa zaka 12, ndipo alipo ana, asungwana makamaka, amene zotere anaziona kapena zinawagwera, kwa iwo kanemayu angotukula bala. Kwa ana a msinkhu umenewo, kufikira zaka 14 kapena 15, yankho ndi lakuti iai, ndipo dzina la Baibulo lisasinthe yankholo. Makamaka liyenera kulilimbitsa, pakuti kanema wa acifwamba wamba mwana amdziwa kuti ngwa acifwamba, koma uyu abvala mwinjiro. Mkulu wa mpingo amene aonetsa kanemayu pa msonkhano wa ana a Sande sukulu, poyesa kuti ndi ulaliki, walakwa, ngakhale cifuno cace cinali cabwino.

Kwa a zaka 16 ndi 17 nkhani isintha. Amenewa ali pafupi kuponya voti, ena ali pafupi kukwatira, ndipo ndiwo amene a zipani awafuna pa nthawi ya masankho, monga anawafuna mu 1963. Kuwaletsa nkosatheka, pakuti foni ilowa pansi pa bulangete. Ndipo kukadatheka, sikukadakhala kwanzeru, cifukwa funso limene kanemayu autsa adzakomana nalo ndithu, kapena kwa mneneri wa pa phiri, kapena kwa mtsogoleri wogawa zikwanje ndi mowa. Kuli bwino alione poyamba pa cinsalu, pali wamkulu pambali amene angaimitse kanema ndi kufunsa: kodi Eli anadziwa bwanji kuti mauwo ngocokera kumwamba? Akadakhala kuti analakwa, akadamuuza ndani? Kodi Carnegie akadasimba nthanoyi, akadadziika pa malo a yani? Opima a ku America anati pakhale kholo kapena wamkulu. Sananene kuti wamkuluyo akhale wotani. Wongokhala cete pa mpando, kapena woodzera, sathandiza kanthu.

Pamenepa boma la Lundazi liri ndi cuma cimene maiko opanga makanema alibe, koma ndi cuma cirikutha. Amene anali ndi zaka 15 mu August 1964 wapitirira zaka 75. Ambiri a iwo sanasimbepo za masiku aja, ena cifukwa ca cisoni, ena cifukwa ca manyazi, ena cifukwa dzina la Lumpa linakhala loopsa kulichula zaka zambiri. Ndipo mabuku a sukulu apita pa nkhaniyi mothamanga kuti afike msanga pa 24 October. Cotero adzukulu a mbali zonse ziwiri akhala pa benci limodzi, naombera m'manja cikwanje ca Eli, osadziwa kuti cigwa cimene apitamo pa njinga cinamva mfuu ya Yeriko. Mau a akulu akoma akagonera. Koma mau osanenedwa alibe pogonera.

Nchito imeneyi siiri yopepuka kwa nkhalamba. Kusimba za Kaini ndi Abele nkosabvuta, pakuti ngakutali. Koma gogo amene akhala pansi ndi mdzukulu wace kanema atatha, nayamba kunena za usiku umene Boma linagwidwa, za utsi wa m'midzi, za anthu ogona m'chire masabata, za mitembo ya pa Paishuko, adziwe kuti mnyamata wa zaka 17 sangomvera cabe. Adzafunsa amene anayamba, adzafunsa ngati a m'banja lao anali m'kati mwa linga kapena kunja, ndipo potsiriza adzayang'ana nkhalambayo kumaso ndi kuti, "Nanga inu agogo, usiku umenewo munali kuti, ndipo m'manja mwanu munali ciani?"